Chiwembu chofuna kupha Hitler chitalephera pa 20 Julayi 1944, chinatsatira n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Zolozolo analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimaphunzitsa mbiri ya dziko lapansi ku Fomu 4 pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, ndipo tafika pa mutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Mabuku amene timagwiritsa ntchito amangotchula mwachidule kuti pa 20 Julayi 1944 akuluakulu ena a gulu lankhondo la Germany anayesa kupha Adolf Hitler n'cholinga cholanda boma. Amanena kuti Colonel Claus von Stauffenberg, yemwe anataya diso, dzanja lamanja ndi zala ziwiri za kumanzere ku Tunisia mu 1943, anasiya chikwama cha bomba pansi pa tebulo ku likulu la Hitler pafupi ndi Rastenburg, kuti bombalo linaphulika nthawi ya 12:42 masana, kuti anthu anayi anafa ndi mabala ake, koma Hitler anapulumuka. Nkhani imathera pomwepo.

Ophunzira anga sanakhutire nazo, ndipo funso limene akhala akundifunsa ndi lakuti: anthu amenewa atalephera, ndani analipira, nanga kulepherako kunamufooketsa Hitler kapena kunamuwonjezera mphamvu? Ndikupempha amene mwaiwerenga bwino nkhaniyi mundithandize, makamaka pa zotsatira zake, osati pa za bomba lenilenilo ayi.

Msilikali Wopuma wa ku Chibavi anayankha kuti:

Zikomo aphunzitsi pobweretsa funso lofunika chonchi. Ine ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka kupuma, choncho ndiyankha mbali imene imandikhudza kwambiri, ya zomwe zinagwera gulu lankhondo lenilenilo.

Kubwezera kunayamba usiku womwewo. Stauffenberg anakwera ndege kubwerera ku Berlin akukhulupirira kuti Hitler wafa, koma anzake amene anatsala ku likulu la asilikali a m'dziko pa msewu wa Bendlerstrasse anali atataya maola pafupifupi atatu akudikira uthenga womveka bwino, ndipo pa ntchito yolanda boma maola atatu ndi nthawi yaitali zedi. Major Otto Ernst Remer, amene anatumidwa kukazinga maofesi a boma, atafika kwa Joseph Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa nkhani, anapatsidwa lamya kuti alankhule ndi Hitler mwini wake, ndipo atangomva mawu ake anatembenuza asilikali ake n'kukazinga oukira aja. Cha pakati pa usiku General Friedrich Fromm, mkulu wa asilikali a m'dziko, yemwe ankadziwa za chiwembucho koma osafuna kudziika mbali iliyonse, analamula kuti Stauffenberg, General Friedrich Olbricht, Colonel Albrecht Mertz von Quirnheim ndi Lieutenant Werner von Haeften awomberedwe pabwalo la nyumbayo. General Ludwig Beck, amene akanakhala mtsogoleri wa dziko chiwembucho chikanatheka, analoledwa kudziwombera yekha, ndipo atalephera kudzipha msilikali wina anamumaliza. Fromm ankafulumira chonchi pofuna kutseka pakamwa anthu amene akanamuulula, koma sizinamupulumutse, pakuti naye anamangidwa ndipo anawomberedwa mu Malichi 1945. Mitembo ya anthu aja inaikidwa m'manda usiku womwewo, koma Heinrich Himmler, mkulu wa SS, gulu la zida la chipani cha Hitler cha Nazi, analamula kuti ifukulidwe, itenthedwe, phulusa lake limwazidwe kuti pasakhale manda oti anthu azikalirapo.

Ku Paris zinthu zinayenda bwino kuposa ku Berlin. General Carl-Heinrich von Stülpnagel anamanga anthu a SS ndi apolisi achinsinsi a Gestapo pafupifupi 1,200 usiku umodzi, koma Field Marshal Günther von Kluge atamva kuti Hitler ali moyo anakana kupitiriza, ndipo pofika m'mawa omangidwa onse anali atamasulidwa. Kluge anadzipha ndi poizoni mu Ogasiti, pomwe Stülpnagel anadziwombera pafupi ndi Verdun, n'kungochita khungu, ndipo anamunyonga ali wosaona pa 30 Ogasiti.

Tsono chimene ndikufuna ophunzira anu amvetse n'chakuti gulu lankhondo linali bungwe lokhalo m'dziko la Germany limene linali ndi mphamvu zochotsa Hitler, ndipo kulephera kwa pa 20 Julayi kunalilanda kaufulu kochepa kamene kanatsala. Tsiku lomwelo Himmler, mkulu wa SS, anapatsidwa ulamuliro wa asilikali onse a m'dziko. Pa 24 Julayi sailuti ya usilikali inathetsedwa, ndipo msilikali aliyense analamulidwa kukweza dzanja monga ankachitira a chipani cha Nazi. Munthu amene sanavalepo yunifomu angaone ngati n'zazing'ono, koma kwa msilikali sailuti imanena za amene ukumutumikira. Kenako kunakhazikitsidwa bwalo la akuluakulu a nkhondo, mmene munali Gerd von Rundstedt, Wilhelm Keitel ndi Heinz Guderian, limene ntchito yake inali kuchotsa oganiziridwa m'gulu lankhondo popanda kuwamva n'komwe, kuti asaweruzidwe ndi khoti la asilikali koma aperekedwe ku khoti la chipani lotchedwa Volksgerichtshof, kwa woweruza Roland Freisler. Kunena zoona, ichi ndicho chimandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi, kuti asilikali anapereka asilikali anzawo ndi manja awoawo.

Mlandu woyamba unachitika pa 7 ndi 8 Ogasiti 1944. Field Marshal Erwin von Witzleben anamuimika pamaso pa Freisler atamulanda lamba, moti ankagwirizira buluku ndi manja kwinaku woweruza akumulalatira, makamera akujambula. Madzulo a pa 8 Ogasiti iye ndi anzake asanu ndi awiri ananyongedwa ku ndende ya Plötzensee ndi zingwe zopyapyala zokoleka pa ngowe zopachikira nyama, ndipo imfa yawo inajambulidwanso. Anthu amene anaphedwa chifukwa cha chiwembuchi mwachindunji anali pafupifupi 200, pomwe omangidwa anali masauzande. Ngakhale Field Marshal Erwin Rommel, amene anali wotchuka kwambiri pakati pa Ajeremani, pa 14 Okutobala 1944 anamuuza kuti asankhe pakati pa kumwa poizoni ndi kukaonekera kwa Freisler banja lake n'kuvutika. Anamwa poizoniyo, boma n'kulengeza kuti wafa ndi mabala a kunkhondo ndi kumuchitira maliro aulemu ku Ulm.

Kuyambira pamenepo mkulu wa nkhondo aliyense amene akananena kuti asilikali abwerere m'mbuyo, kapena kuti nkhondo yatayika, ankadziwa kuti angatchedwe mnzake wa Stauffenberg. Pa chifukwa chimenechi yankho langa ndi lakuti mkati mwa Germany Hitler anatuluka pa 20 Julayi ali wamphamvu kuposa kale, ngakhale kuti kunja adani ake anali akumuyandikira kuchokera mbali zonse.

Mayi wa ku Chiputula anayankha kuti:

Bambo a ku Chibavi afotokoza bwino za amuna amene ananyamula zida, koma ine ndikupempha kuti tisaiwale anthu amene sanadziwe n'komwe za chiwembucho, chifukwa funso la ana lija lakuti ndani analipira likuloza kwa iwo.

Pa 3 Ogasiti 1944 Himmler analankhula kwa akuluakulu a chipani ku Posen, ndipo ananena poyera kuti banja la Stauffenberg lifafanizidwa lonse. Anagwiritsa ntchito mchitidwe umene ankautcha Sippenhaft, wakuti munthu akalakwira boma, abale ake onse a magazi amodzi ali ndi mlandu. Akazi, makolo okalamba, azichimwene, azichemwali ndi apongozi anatengedwa m'nyumba zawo, katundu wawo n'kulandidwa. Mkazi wa Stauffenberg, Nina, anamangidwa ali ndi pakati, anasungidwa payekha ku msasa wachibalo wa Ravensbrück, ndipo mwana wake wamkazi anabadwa mu Januwale 1945 mayiyo akadali m'manja mwa Gestapo. Ana ake anayi aakulu anatengedwa kupita ku nyumba yosungira ana ku Bad Sachsa, kumene kunasonkhanitsidwa ana 46 a mabanja a oukirawo, ena a iwo akhanda. Kumeneko anawalanda zithunzi za makolo awo, anawaletsa kutchula mayina awo enieni, ndipo a Stauffenberg anapatsidwa dzina lakuti Meister. Kwathu kuno timati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma uku zinatembenuka, pakuti ana ndiwo anapotedwa ndi zimene anachita atate awo. Ine monga kholo ndikaganiza za mwana wa zaka zinayi akuuzidwa kuti dzina lake si lake, mtima umandiwawa kwambiri.

Achibale akuluakulu anayendetsedwa kuchoka ku msasa wina kupita ku wina, ku Stutthof, ku Buchenwald ndi ku Dachau, ndipo ambiri a iwo anamasulidwa kumapiri a South Tyrol nkhondo ikutha. Mabanja a onyongedwa sankapatsidwa mitembo, sankaloledwa kulengeza maliro m'nyuzipepala, ndipo ena ankatumiziridwa kalata yowauza kuti alipire ndalama zimene boma linawononga posunga ndi kunyonga m'bale wawo.

Palinso gulu lina limene limaiwalika. Pa 22 Ogasiti 1944 Gestapo inayamba kumanga anthu pafupifupi 5,000 amene kale anali aphungu, makhansala ndi atsogoleri a zipani zimene Hitler anathetsa mu 1933, monga a Social Democratic, achikomyunizimu ndi a chipani cha Akatolika cha Centre. Ambiri mwa anthu amenewa anali okalamba amene anasiya ndale zaka khumi m'mbuyomo, ndipo sanakhudzidwe ndi bomba lija m'njira iliyonse. Boma linali nawo kale mayina awo, ndipo chiwembucho chinangolipatsa chifukwa chowatengera. Mmodzi wa iwo anali Konrad Adenauer, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri woyamba wa West Germany mu 1949. Iye atathawa n'kubisala, a Gestapo anamanga mkazi wake n'kumuopseza mpaka anaulula kumene mwamuna wake anali. Mayiyo anayesa kudzipha m'ndende chifukwa cha chisoni, thanzi lake silinabwererenso, ndipo anamwalira mu 1948. Aphunzitsi, ngati nthawi ya phunziro ili yochepa, ndikupempha kuti mbali imeneyi musaidumphe.

Wophunzira Mbiri wa ku Luwinga anayankha kuti:

Ndikuthokoza bambo ndi mayi amene alankhula ndisanalembe ine. Ndikugwirizana nawo pa zambiri, komabe mwaulemu ndikufuna kuwonjezera zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho mwina sichikomera aliyense.

Choyamba, mtengo waukulu wa kulepherako unali nkhondo imene inapitirira mpaka pa 8 Meyi 1945. Akatswiri amene anawerengera imfa za asilikali a Germany anapeza kuti pafupifupi theka la onse amene anafa pa nkhondo yonse anafa m'miyezi khumi yomalizayi. Pasanathe sabata chiphulikireni bomba, Goebbels anapatsidwa mphamvu zosonkhanitsa dziko lonse kuti lilowe m'nkhondo, ndipo pofika Okutobala kunakhazikitsidwa gulu la Volkssturm, limene linkatenga amuna a zaka 16 mpaka 60, anyamata a sukulu ndi agogo, n'kuwatumiza kukalimbana ndi akasinja. Mizinda ya Dresden, Pforzheim ndi Würzburg inali ikadali chiimire pa 20 Julayi, ndipo inapsa mu Febuluwale ndi Malichi 1945. Mu Ogasiti 1944 Ayuda oposa 60,000 amene anatsala ku Łódź anatumizidwa ku msasa wophera anthu wa Auschwitz, mzinda wa Warsaw unagumulidwa anthu ake ataukira pa 1 Ogasiti, ndipo m'nyengo yozizira akaidi a m'misasa anayendetsedwa wapansi maulendo aatali amene anapha anthu osawerengeka.

Chachiwiri, tisawapatse ana chithunzi chakuti bomba likanapha Hitler zonse zikanakhala bwino. Mayiko a Britain ndi America anali atagwirizana kale ku Casablanca mu Januwale 1943 kuti Germany iyenera kugonja popanda kukambirana, pomwe ena mwa oukirawo ankayembekezerabe kusunga madera amene Hitler analanda, monga Austria ndi Sudetenland. Winston Churchill atalankhula m'nyumba ya malamulo pa 2 Ogasiti 1944 anaitenga nkhaniyi ngati kuphana kwa akuluakulu a Germany okhaokha. Anthu wamba a Germany nawonso sanasangalale ndi oukirawo. Hitler analankhula pa wailesi usiku womwewo kuti kagulu kochepa ka akuluakulu a nkhondo odzikonda ndiko kachita zimenezi, ndipo kuti kupulumuka kwake n'chizindikiro chakuti apitirize ntchito yake. Malipoti achinsinsi a boma ndiponso makalata a asilikali ochokera kunkhondo amasonyeza kuti ambiri anamukhulupirira ndipo anakwiyira oukirawo. Hitler akanafa tsiku limenelo, panali chiopsezo chakuti Ajeremani akanati nkhondo anali pafupi kuipambana koma anaperekedwa ndi anthu a kwawo omwe, bodza lomwe lija linafala pambuyo pa 1918 n'kuthandiza Hitler kukwera.

Komanso si onse a m'chiwembumo amene anali ndi manja oyera. Arthur Nebe anatsogolera gulu la Einsatzgruppe B limene linapha Ayuda masauzande ambiri mu 1941, ndipo General Eduard Wagner anali ndi udindo pa ndondomeko imene inachititsa akaidi a nkhondo a Soviet Union kufa ndi njala. Ayuda a ku Hungary oposa 430,000 anali atatumizidwa kale ku misasa pakati pa Meyi ndi kumayambiriro kwa Julayi 1944, bomba lisanaphulike. Sindikunena izi pofuna kunyoza anthu amene anapereka moyo wawo ayi. General Henning von Tresckow, amene anadzipha pa 21 Julayi kuti asaulule anzake pozunzidwa, anali atauza Stauffenberg kuti ayesebe ngakhale zitakanika, kuti dziko lapansi lidziwe kuti munali Ajeremani amene anakana, ndipo ine ndimalemekeza mtima umenewo. Koma anachedwa, ndipo ena a iwo anatumikira nkhanzazo zaka zambiri asanatembenuke.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo analembanso kuti:

Mwandithandiza kwambiri nonse atatu. Achimwene a ku Luwinga, mfundo yanu yachiwiri ndiitenga monga mwaiperekera, chifukwa ophunzira a Fomu 4 ndi aakulu moti angathe kumva kuti munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala wolimba mtima komanso wolakwa. Funso limene ndikudziwa kuti lidzatuluka m'kalasi ndi lakuti kodi zoterezi zinachitikapo kwathu kuno. Kodi n'koyenera kuyerekeza, kapena ndingasokoneze ana?

Abusa Opuma a ku Katawa anayankha kuti:

Aphunzitsi, kuyerekeza n'kotheka malinga muwauze ana poyamba kuti boma la atsamunda la Nyasaland silinali boma la Hitler, ndipo kukula kwa zoopsazo n'kosiyana kutalitali. Chimene chimafanana ndi khalidwe la olamulira akapulumuka pa kuukira, makamaka dziko likakhala pa nkhondo.

Ndisanafike kwathu, ndiloleni nditchule anthu a mpingo ndi ena amene anafa ngakhale sanagwire bomba. Mu Seputembala 1944 Gestapo inapeza zikalata zobisidwa ku Zossen, zimene zinaonetsa kuti maganizo ochotsa Hitler anayamba kale mu 1938. Zikalata zimenezi ndizo zinaphetsa m'busa Dietrich Bonhoeffer, amene anali m'ndende kuyambira mu Epulo 1943, pamodzi ndi Admiral Wilhelm Canaris ndi General Hans Oster. Ananyongedwa ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945, patangotsala mwezi umodzi kuti nkhondo ithe. Helmuth James von Moltke anali m'ndende kuyambira mu Januwale 1944 ndipo sankagwirizana ndi zopha Hitler, koma anamunyonga pa 23 Januwale 1945 chifukwa chakuti iye ndi anzake ankakumana n'kumakambirana za mmene Germany idzakhalire Hitler akadzachoka. Wansembe wa Chikatolika Alfred Delp ananyongedwa pa 2 Febuluwale, tsiku limodzi ndi Carl Goerdeler, meya wakale wa Leipzig amene akanatsogolera boma latsopano. Hitler ankadziwa kuti nkhondo yamuthera, koma anaonetsetsa kuti anthu amene akanamanganso dziko pambuyo pake asakhale ndi moyo.

Tsono kwathu kuno, m'busa John Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915, Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse ili mkati. Miyezi yochepa m'mbuyomo, mu Seputembala 1914, asilikali achikuda anali atafa pa nkhondo ya ku Karonga, ndipo Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo imene si yawo. Anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero, koma madera ena sanadzuke monga ankayembekezera, ndipo iye anawomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira cha ku malire a Mozambique. Boma linapha omutsatira pafupifupi 40 ataweruzidwa mofulumira, linamanga ena pafupifupi 300, linatentha midzi, ndipo linaphwasula ndi mabomba tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe. Mishoni ya Providence Industrial Mission inakhala yotsekedwa mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso. Mipingo yotsogoleredwa ndi anthu akuda inayamba kulondedwa kwambiri, ndipo ife a kumpoto tili ndi chitsanzo chathu, Elliot Kamwana wa ku Nkhata Bay, amene sanamenye nawo nkhondoyo koma anathamangitsidwira ku Mauritius, kenako ku Seychelles, osabwerera kwawo mpaka 1937.

Za mu 1965 ndizitchula mosamala, chifukwa dziko silinali pa nkhondo ndipo anthu amene zinawakhudza akadalipo. Henry Masauko Chipembere analanda Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, koma ulendo wopita ku Zomba unathera pa Liwonde chifukwa pantoni yowolotsa pa Shire inali tsidya lina. Iye anatuluka m'dziko n'kukamwalira ku America mu 1975, koma midzi ya ku Mangochi ndiyo inatenthedwa, womutsatira wake Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu akuonerera, ndipo chaka chomwecho dziko linakhala la chipani chimodzi, kunabweranso lamulo lolola boma kulanda katundu wa munthu. Yatuta Chisiza wa ku Karonga analowa ndi kagulu kochepa cha ku Mwanza mu Okutobala 1967 n'kuphedwa komweko. Akuluakulu a msinkhu wanga akukumbukira mmene mawu akuti chigawenga ankamatirira pa banja lonse, moti ngakhale mwana wa munthu wothawa ankavutika kupeza sukulu kapena ntchito. Mayi a ku Chiputula atalemba za ana a ku Bad Sachsa, ine ndinakumbukira zimenezi.

Wophunzira Mbiri wa ku Luwinga anayankhanso kuti:

Zikomo abusa. Ndikufuna kutsiriza mbali imene sitinaikhudze, ya zomwe zinachitika nkhondo itatha, chifukwa ambiri amaganiza kuti Hitler atangodzipha pa 30 Epulo 1945 oukira aja anasanduka ngwazi nthawi yomweyo, pomwe sizinali choncho.

Kwa zaka zingapo Ajeremani ambiri ankawaonabe ngati anthu amene anaphwanya lumbiro lawo dziko lili pa nkhondo. Tikumbukire kuti kuyambira mu Ogasiti 1934 msilikali aliyense ankalumbira kumvera Adolf Hitler pomutchula dzina, osati malamulo a dziko, ndipo amuna mamiliyoni amene anasunga lumbiro limenelo mpaka mapeto sakanavomereza msanga kuti olungama anali amene analiphwanya. Ana a oukirawo ankatchedwa ana a opereka dziko kusukulu, ndipo amasiye ena anavutika zaka zambiri kuti alandire penshoni, chifukwa pa mapepala amuna awo anali atachotsedwa usilikali ndi kuweruzidwa ndi khoti. Pa nthawi yomweyo mkazi wa woweruza Freisler, yemwe anafa pa 3 Febuluwale 1945 bomba la ndege litagwera khoti lake, ankalandira penshoni yake.

Zinthu zinayamba kusintha kudzera m'khoti. Remer uja, amene anazinga oukira ku Berlin, analowa ndale nkhondo itatha ndipo ankanena pamisonkhano kuti anthu a pa 20 Julayi anali opereka dziko. Mu 1952 woimira boma pa milandu ku Braunschweig, Fritz Bauer, Myuda amene anathawa Germany nthawi ya Hitler n'kubwerera, anamuimba mlandu wonyoza akufa. Bauer anaitana akatswiri a zaumulungu a mipingo ya Chikatolika ndi Chipulotesitanti komanso a mbiri ndi a usilikali, ndipo mfundo yake inali yakuti boma la Hitler linali boma lopanda chilungamo, choncho kuliukira sikunali kupereka dziko. Khoti linagwirizana naye pa mfundo yakuti oukirawo anachita zimenezi pokonda dziko lawo, ndipo Remer anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi itatu. Chilangocho chinali chochepa, koma chigamulocho chinatsegula njira. Mu 1953 anaimika chipilala pabwalo pamene Stauffenberg anawomberedwa, mu 1954 Pulezidenti Theodor Heuss anawalemekeza poyera, ndipo mu 1955 msewu wa Bendlerstrasse unasinthidwa dzina kukhala Stauffenbergstrasse.

Bambo a ku Chibavi angakonde kudziwa kuti gulu lankhondo latsopano limene linakhazikitsidwa mu 1955 silinabwererenso ku lumbiro lotchula munthu. Msilikali wa Germany lero amalonjeza kutumikira dziko ndi kuteteza chilungamo ndi ufulu wa anthu ake, ndipo kuyambira 1999 ena mwa asilikali atsopano amachita mwambo wa lonjezo lawo ku Berlin pa 20 Julayi penipeni. Mu 1968 malamulo aakulu a dzikolo anawonjezeredwa ndime yopatsa nzika ufulu wokana aliyense wofuna kugwetsa ulamuliro wa demokalase, ngati njira zina zonse zatsekeka.

Komabe zigamulo za khoti la Freisler zinakhalabe m'mabuku nthawi yaitali. Nyumba ya malamulo inanena mu 1985 kuti Volksgerichtshof silinali khoti koma chida choopsezera anthu, ndipo lamulo lofafaniza zigamulo zake zonse linadza mu 1998, patatha zaka 54. Asilikali wamba amene anathawa m'gulu lankhondo la Hitler, amene masauzande a iwo anaphedwa ndi makhoti a asilikali ndipo analibe mayina otchuka oti wina awalankhulire, anadikira mpaka 2002 kuti mayina awo ayeretsedwe, ndipo amene anaweruzidwa kuti anapereka dziko pa nthawi ya nkhondo anadikira mpaka 2009.